Utsi wa Amayi

Kwathu kuno ku Mbombwe,
Chiradzulu.
Mwezi wa Disembala.

Okondedwa amalume a Luka,

Choyamba ndimve za moyo wanu kumeneko ku Mzuzu, inu pamodzi ndi amayi a Patience ndi ana onse. Bondo lija linasiya kutupa kodi? Muzivala zofunda, paja kumeneko kumazizira ngakhale dzuwa lili pamutu.

Kuno tonse tikudzuka bwino, Mulungu akutisunga. Mvula inayamba bwino ndipo anthu tatanganidwa ndi kupalira. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa ana awiri, koma khalidwe silinasinthe, dzana inadya sopo wa amayi pabafa.

Mudabwa kulandira kalata masiku ano a mafoni. Ndalemba dala. Pafoni mumandidula mawu. Ndikangoyamba nkhani ija mumati netiweki yavuta, pamene ine ndikumva wailesi yanu ikuimba bwinobwino kuseriko. Kalata ilibe batani lofiira. Ndiye khalani pansi, akuthirireni tiyi, muwerenge mpaka kumapeto. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo wamva m'mimba pano ndine.

Ndikudziwa zimene achemwali anu, amayi anga, anakuuzani mwezi wa Meyi uja. Anati Yunis wabweretsa munthu wamwaye thupi lonse ngati kunsi kwa mphika, wokhalira kukwera pamadenga a eni ake. Inu munayankha kuti malinga nkhoswe ya ana a Eluby ndinu, nkhani imeneyo ithere pomwepo. Sindikukudandaulani, munaweruza ndi zimene munamva. Koma kuchokera nthawi imeneyo pachitika zambiri, ndipo amayi sangakuuzeni okha. Mukuwadziwa, mawu akawalavula sawatolanso.

Ndiyambire poyambira. Munthuyo dzina lake ndi Brave, kwawo ndi ku Kadewere. Ntchito yake ndi yotsuka machumuni ndi mapaipi otulutsa utsi m'makhitchini akuluakulu. Amayenda pa njinga yamoto, kumbuyo atamanga makwerero opinda, nsungwi zolumikiza, maburashi ndi ndowa. Lero ali kumalo odyera ku Limbe, mawa kophikira buledi, mkuja kumakola a nkhuku cha ku Mikolongwe kokonza mafani olowetsa mphepo.

Ndinakumana naye kuntchito kwanga, pasukulu ya atsikana yogonera konko ija imene ndimaphikako. Pamwamba pa mapoto athu akuluakulu pali chitsulo chonga kadenga, chimene chimasonkhanitsa utsi ndi nthunzi n'kuzilowetsa m'chipaipi chotulukira padenga. M'kati mwa chipaipicho muli fani yokoka. Chaka chatha faniyo inayamba kubuula, utsi unkangozungulira m'khitchini, ndipo timadontho takuda tinayamba kugwera m'nyemba. Atsikana ankatifunsa ngati tayamba kuthira tsabola.

Aphunzitsi aakulu anaitana munthu woti akonze. Ine tsiku limenelo ndinachedwa pang'ono, ndiye chimene ndinayamba kuona cha Brave ndi mapazi. Anali atalowa m'chitsulo chija mpaka m'chiuno, miyendo ili lendelende pamwamba pa poto wa phala, uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Mawu ake sankamveka m'khitchini, ankatulukira padenga. Akhwangwala onse a pasukulu anasamuka tsiku limenelo.

Amalume, ntchito imeneyi musaione kuda. Mafuta akamauma pamodzi ndi mwaye amalimba ngati phula la mumsewu, ndipo akangogwira moto nyumba yonse imapita. Iye amapala ndi kachitsulo kaphanthiphanthi, n'kukwecha ndi burashi yomangirira kunsungwi, kenako n'kutsuka ndi madzi otentha a soda. Fani amaimasula, n'kusambitsa mapiko ake limodzilimodzi. Anadzaza ndowa zingapo ndi zinthu zimene ife tinkapuma tsiku ndi tsiku osadziwa.

Akamaliza ali ndi kamwambo kake. Amayatsa kapepala n'kukagwira pansi pa chitsulo chija, osayankhula, maso ali pa utsi. Ukakwera mowongoka ndiye amamwetulira. Tsiku limenelo ndinangoona mano ndi maso basi, china chilichonse chinali bii.

Anabweranso kangapo, ndipo nthawi zonse ndinkamupatsa tiyi pakhomo la khitchini, iye n'kumwa ataimirira kuopa kudetsa benchi. Tinkacheza ndithu. Koma nkhope yake yeniyeni sindinkaidziwa. Tsiku lina pamsika wa Mbombwe bambo wina wosamba bwino, wovala malaya oyera, anandipatsa moni n'kundifunsa ngati nyemba zasiya kuthiridwa tsabola. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kumuuza kuti ine sindicheza ndi amuna osawadziwa. Anaseka, ndipo ndinamuzindikira ndi mano aja. Manyazi amene ndinachita, ndinaiwala tomato amene ndinali nditagula kale.

Sindikubisirani, ndimamukonda. Ine si mwana, amalume. Banja langa loyamba munalimanga ndinu, n'kudzalimasulanso ndinu, ndipo mukukumbukira kuti uja munamukonda chifukwa cha nsapato zonyezimira. Chikomekome cha mkuyu, tonse tinaziona nyerere zake. Brave mkazi wake anamwalira kalekale, mowa samwa chifukwa akuti denga ndi botolo sizigwirizana, ndipo kutchalitchi kwawo ndiye amagwira besi mukwaya.

Cholakwika chake chinali chimodzi. Tinagwirizana kuti adzabwere Loweruka kudzaonekera kwa amayi, atasamba, atavala bwino. Koma Lachisanu akuchokera ku Mikolongwe anaganiza zongodutsa kuti aone njira ya kwathu, kuopa kudzasochera mawa lake. Galu wathu sanagwirizane nazo. Amayi atatuluka anapeza chimunthu chakuda bii chitakwera pa thandala la mbale, chikuwapatsa moni mwaulemu n'kudzitchula dzina.

Loweruka lake anabwera atatchena, koma zinali zitaonongeka kale. Amayi anaima patsogolo pake, manja m'chiuno, maso ndi maso, n'kumuuza zonse. Anati mwana wawo sadzatha zala ndi kuchapa mwaye. Anati munthu wokwera pamadenga amaona m'mabafa mwa anthu. Anati akabwererenso adzamasula galu. Brave anangoti zikomo amayi, n'kukankha njinga yake mpaka kumsewu osailiza. Madzulo ake ndi pamene amayi anakuimbirani foni ija.

Tsopano ndibwere ku khitchini yanu.

Mukukumbukira kuti adokotala kuchipatala cha mishoni ananena kuti chifuwa cha amayi ndi cha utsi. Inu munachita zaumunthu, munawamangitsira khitchini ya njerwa, ya mbaula yomanga ndi chumuni chake. Chaka choyamba zinayenda bwino, amayi anasiya kutsokomola. Koma chaka chino zokolola zitangolowa, utsi unabwerera, ndipo unabwera ndi abale ake. Ndikabwera kumapeto kwa sabata ndinkawapeza akuphika kalongonda tsiku lonse m'kati mwa chiutsi choti munthu sungaone chala chako, maso ali psuu, akutsokomola mpaka kugwira khoma.

Ndikawafunsa ankati mmisiri uja anakuberani, chumuni chake n'chabodza. Ndikati tiitane Brave adzaone, ankati ameneyo padenga pawo sadzapondapo iwo ali moyo. Ndinachita mantha, amalume. Kwaya ya amayi anasiya, chifukwa akati akweze mawu chifuwa chinkawatsekereza. Ndinkabwerera kusukulu mtima uli m'mwamba.

Ndiye ndinachita zanga. Lachitatu lina la mwezi wa Juni, amayi atapita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, ndinamuitana. Galu ndinamutsekera m'khola la mbuzi.

Brave anayamba ndi kapepala kake kaja. Anakayatsa pakamwa pa mbaula, utsi n'kungobwerera kumaso kwake. Anati chumunichi sichinadzaze mwaye, chatsekeka ndithu, mwina mbalame yamanga chisa. Anakwera padenga, n'kulowetsa nsungwi yokhala ndi ngowe kumapeto. Inakola chinthu chofewa. Anakoka, chinthucho chikukana, anakokanso mpaka chinatuluka.

Amalume, linali jekete lanu. Labulauni lija, lamabatani atatu, limene munaiwala pamaliro a agogo n'kumatiimbira mwezi wonse kuti tilisake. Linali litakulungidwa bwinobwino n'kumangidwa ndi luzi. Mbalame ya ku Chiradzulu sinafike pomanga mfundo yotero.

Tikuyang'anabe jeketelo, ndinamva chitsokomolo kuseri kwa nyumba. Msonkhano unali utalephereka chifukwa amayi abusa anapita kumaliro. Amayi anatipeza chomwecho, ine pansi nditagwira makwerero, Brave pamwamba atanyamula jekete la mlongo wawo ngati mbendera.

Ndinkayembekeza kuti akuwa. Sanakuwe. Anaika Baibulo lawo pakhonde, n'kunena kuti abwezeretse chinthucho mmene anachipezera, chifukwa anachiikamo ndi iwo. Anati anakwera okha pa mtondo, n'kuchikankhira ndi munsi kuchokera m'kati. Amvekere, "Utsiwu ndi wanga. Nkhuni ndimatola ndine. Wakupatsani ndani chilolezo choutaya kumwamba?"

Ndinawafunsa ngati akufuna kufa. Anangondikoka dzanja kulowa nane m'khitchini n'kuloza kutsindwi. Kumeneko kunali kutapachikidwa chimanga chosasenda makoko, chomangidwa m'magulumagulu, chakuda ndi utsi. Ndinali nditachiona kambirimbiri, koma sindinkachiganizira.

Ndi mbewu ya amayi anu ija, amalume. Chimanga cha makolo chanjere zolimba, chokhala ndi timadontho tofiirira, chimene agogo anabwera nacho kuchokera kwawo kuphiri. Amayi anati chiyambire, mbewu imeneyi imasungidwa ndi utsi, ndiwo umathamangitsa anankafumbwe. Chaka chimene chumuni chinagwira bwino ntchito, iwo anapuma bwino, koma anankafumbwe nawonso anapuma bwino. Pofika nthawi yodzala anapeza mbewu yonse yasanduka ufa, kupatula zochepa zimene zinakwana mizere ingapo kuseri kwa khola. Sanauze munthu. Anaopa kuti inu mungamve ngati akunyoza mphatso yanu.

Anati mankhwala a m'sitolo sawakhulupirira pa mbewu ya mayi awo. Anati chifuwa n'chawo, adzapita nacho kumanda, koma mbewu si yawo, anangoisungitsidwa. Ikathera m'manja mwawo akawauza chiyani agogo?

Ndinali nditakonzeka kukangana ndi nkhalamba yamakani, koma amene anaima patsogolo panga anali mwana wamasiye wosunga chinthu chomaliza cha mayi ake. Ndinalira, ndipo sindinganamizire utsi chifukwa moto unali wozima.

Brave anatsika, n'kukhala pansi padothi, patali ndithu. Sananene za adokotala kapena za mapapo. Anapempha kuti aione mbewuyo. Amayi anamuponyera chimanga chimodzi ngati akuponyera galu fupa. Anachinunkhiza, n'kuyamba kufunsa: utsi wake umafunika wochuluka bwanji, wa nkhuni zanji, kwa miyezi ingati, nanga chikatenthedwa kwambiri chimatani. Amayi poyamba ankayankha mokalipa. Koma mukudziwa, palibe amene anawafunsapo zimenezi chibadwire, ndiye mayankho anayamba kutalika.

Pomaliza Brave anati wamva. Anati amayi akunena zoona, utsiwo ndi wawo ndipo suyenera kutayidwa. Vuto ndi loti ukugona chipinda chimodzi ndi mwini wake. Anapempha kuti aumangire kanyumba kake panja.

Amayi anati ayese, koma amve bwinobwino. Mbewuyo ikadzapanda kumera, dzina lake lisadzatchulidwenso pakhomo pano, ndipo ine ndidzasankhe pakati pa iye ndi iwo. Ananena akundiyang'ana ine. Brave anavomera ndisanatsegule pakamwa.

Loweruka anabwera ndi mgolo wachitsulo atauboola kamlomo m'mbali, m'kati atawotcherera timashelefu ta waya. Anadula paipi ya chumuni kunja kwa khoma n'kulowetsa mgolowo pakati, kuti utsi ukatuluka m'mbaula uzidutsa kaye m'mbewu usanapite kumwamba. Pamwamba anaikapo kachipewa kotchinga mvula.

Musaganize kuti amayi anangoonerera. Anakoleza moto, n'kupisa dzanja mumgolomo, n'kunena kuti iwo anapempha mosungira mbewu osati mokazingira chimanga. Brave anamasula zonse n'kutalikitsa paipi kuti utsi uzifika utazizira. Anapisanso dzanja, akuti pakadali kafungo ka moto. Anamasulanso. Dzuwa linapendeka anthu awiriwa akukangana za utsi ngati madokotala pa wodwala, ine ndikungowapatsira mawaya. Kachitatu amayi anasiya dzanja m'katimo nthawi yaitali, kenako anapita kukatenga mbewu yawo.

Mgolowo unathera m'mwamba, ndiye anawamangira kasitepe ka njerwa kuti azifikira. Kenako anakwecha chumuni chonse, n'kuyatsa kapepala kake pakamwa pa mbaula. Utsi unalowa mowongoka. Anamwetulira, koma amayi anayang'ana kumbali. Zikomo sanamuuze, madzi akumwa sanamupatse. Anangoti tidzaonera kumunda.

Miyezi imene inatsatira inali yaitali, amalume. Chifuwa cha amayi chinayamba kupepuka, maso anayera, pofika Ogasiti anabwerera kukwaya ndipo akuti akuwaphimba anzawo onse. Koma ukawauza kuti mwachira ankati ndi nyengo chabe. M'mawa uliwonse ankakwera kasitepe kaja, kutsegula mgolo, kununkhiza, kutseka. Ine ndikafunsa ankati nankafumbwe palibe, koma kusafumbwa si kumera, mwina munthu wako uja anaiphika m'kati.

Brave naye tulo tinamuthawa. Munthu amene saopa kuima pamwamba pa nyumba zosanja ku Limbe ankanjenjemera ndi chimanga. Ankandiimbira kufunsa ngati amayi sakukoleza moto wambiri. Ndinkamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nanenso ndinkapemphera mobisa kuti Ambuye akumbukire mgolo uja.

Mvula yodzalira itagwa mwezi wathawu, amayi anadzala mbewu ija m'munda wa kuchulu uja. Sanalole munthu kuwathandiza. Ine ndinapempha tchuthi kusukulu, ndinanama kuti dzino likundiwawa. M'mawa uliwonse ndinkapezeka kumunda ngati ndataya ndolo, ndikuyang'ana dothi. Ndinafika pofukula phando limodzi ndi chala kuti ndione, amayi n'kundipeza, n'kundithamangitsa ndi khasu.

Kenako m'mawa wina tinapeza munda wonse watuluka timasingano tobiriwira. Phando lililonse, amalume, mzere ndi mzere mpaka kuchulu. Amayi anayenda munda wonse pang'onopang'ono manja kumbuyo. Atafika kumapeto anangoti chaka chino mvula ndi yabwino. Basi. Ndinatsala pang'ono kudziluma.

Ndinamuuza Brave kuti mbewu yamera koma amayi sananene kanthu. Anati abwera Lamulungu masana kudzamva yekha, zikavuta galu amudziwa kale.

Lamulungulo ndinakamuchingamira kumsewu. Tikuyenda m'kanjira kodutsa m'minda kaja, ndinaona amayi akubwera kutsogolo kwathu, akuchokera kumjigo, ndowa pamutu. Kanjirako mukukadziwa, anthu awiri sapatukirana. Ndinati lero zithera pano.

Amayi atangomuona anaima. Anatula ndowa, n'kukoka chitenje kuphimba kumaso, n'kupatuka kulowa m'munda wa eni ake, m'matope, mpaka anakabisala kuseri kwa chulu.

Ndinamva ngati andithira madzi ozizira. Ndinati munthu wawachiritsa chifuwa, wawasungira mbewu, koma afika pomuda chotere, osafuna n'kumuona komwe? Ndinawathamangira nditakwiya, misozi ili m'maso, n'kuwafunsa kuti Brave wawalakwira chiyaninso.

Anandiyang'anira pansi pa chitenje ngati ndapenga. Amvekere monong'ona, "Iwe unaleredwa kuti? Unaonapo ndani akukumana ndi mkamwini wake maso ndi maso panjira?"

Nditacheuka ndinaona kuti Brave anali atamva kale nkhaniyo ine ndisanaimve. Anali atavula chipewa, watembenukira kwina, wanjuta m'chinangwa cha a Madalo oyandikana nafe aja, akuyang'anitsitsa tsinde limodzi ngati ndi lachilendo.

Munthu amene mwezi wa Meyi anamuimirira pamphuno n'kumulalatira, lero akumuthawa. Ndinakhala pakati pa kanjira n'kuseka mpaka m'mimba kuwawa, uku ndikulira.

Vuto linali loti palibe amene ankafuna kuyamba kusuntha. Amayi kuseri kwa chulu anandituma kuti ndiwafunse bambowo ngati adzuka bwino. Ndinapita. Bambowo m'chinangwa anati adzuka bwino, kaya amayi. Ndinabwerera. Amayi anati ndikawauze kuti kachipewa ka pamgolo kakugwedera ikamawomba mphepo. Ndinapitanso. Anthu ochokera kutchalitchi anatipeza tikadali pomwepo, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unali utadziwa kuti kwa a Eluby kwalowa mkamwini, inu nokha mwini mbumba ndi amene simunamve.

Ndiye chifukwa chake ndalemba. Amayi ndawapempha kuti akuimbireni abweze mawu awo aja. Akuti iwo sananenepo choipa chilichonse cha munthuyo, kapena inuyo simunamve bwino chifukwa cha netiweki. Akuti ndikuuzeni ndekha.

Amalume, ndagwira mwendo wanu. Bwerani pa Khirisimasi pano. A kwawo kwa Brave ku Kadewere akonzeka kale, tambala wawo akungodya gaga kudikira tsiku, ndipo ife msoti tili nawo. Koma popanda inu palibe angalandire mawu awo. Bambo anga kulibe, amene munatsala ndinu. Sindikufuna kulowa m'banja mozemba ngati wakuba, ndikufuna mudzakhale pampando, mudzamufunse mafunso anu ovuta aja, mudzamuone nokha m'maso. M'makutu mokha musayang'anemo, mwaye wa mmenemo sutha ngakhale asambe kawiri.

Mukakana ndidzamva, koma mudzakanire kuno, mutaima m'khitchini munamanga ija, mukupuma mpweya wabwino, achemwali anu akuimba panja.

Pali kavuto kamodzi kamene mudzatiweruzire. Chumuni chija chimafunika kukwechedwa mvula ikatha, koma tsopano Brave sangalowe m'khitchini apongozi ake alimo, ndipo amayi salola munthu wina kukhudza mgolo wawo. Pakali pano agwirizana, kudzera mwa ine, kuti tsiku limenelo amayi azipita kumsika. Koma ndikuwadziwa, adzabisala kuseri kwa khola n'kumakuwa malangizo.

Jekete lanu ndalichapa katatu. Mabatani onse alipo ndipo mtundu wake wabwerera pang'ono, koma fungo lakana. Amayi akuti mudzalivale pachinkhoswe, nankafumbwe sadzakuyandikirani.

Mukatsegula envelopuyi mosamala mupeza kanthu komangidwa m'kansalu pakona. Nditawauza kuti ndikulemba kalata, amayi anakwera kasitepe kaja n'kutenga njere zimene anasungako, n'kuzimanga okha. Ndinawafunsa kuti ndilembe chiyani za njerezi. Anati ndisalembe kanthu. Akuti Luka akangonunkhiza adziwa kuti ndi za ndani, ndipo akwera basi.

Mundiperekere moni kwa amayi a Patience, muwauze kuti nandolo wawo ndawasungira. Moni kwa Patience ndi azing'ono ake onse. Amayi akupereka moni, a Madalo akupereka moni ngakhale akudandaula za chinangwa chawo. Brave naye akuti ndipereke moni mwaulemu, ali chogwada.

Ambuye akusungeni, akudalitseni pa ntchito yanu, ndipo akuyendetseni bwino pamsewu wobwera kuno.

Ndine mwana wa mlongo wanu wokukondani,
Yunis.